Ba Lemmy Sakhala Bwino

Chawama, Lusaka
14 Meyi 1989

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu, pamodzi ndi achimwene a Josiah amene akuwerengereni kalatayi, ndi alamu a Virginia. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Kodi chimanga mwachotsa kumunda, kapena chiswe chayamba kale? Ife kuno tili moyo, Mulungu akutisunga.

Amayi, nkhani ija ndinakulemberani mu Febuluwale yakula, madiresi onse andikana. Kuchipatala akuti ndiyembekezere kumayambiriro kwa Seputembala. Ndi koyamba ndipo ndikuopa. Azimayi a kuno ndi abwino koma aliyense ali ndi zake. Wina akuti ndisadye mazira, wina akuti ndidye. Wina akuti ndisaime pakhomo. Ine ndikufuna inu mudzakhale pambali panga tsiku limenelo.

Chovuta ndi ulendo. Mabasi a ku Chipata asowa matayala. Anthu akugona pasiteshoni mpaka kamba kutha, basi osaoneka, ndipo ikabwera amene amakwera ndi odziwa kulowera pawindo. Ndi mwendo wanuwo simungathe. Koma njira yapezeka. Ku kampani ya mbewu kumene amuna anga ba Lemmy amagwira ntchito, magalimoto onse ali pamiyala, ndiye awapatsa njinga yamoto yoyendera m'mafamu. Mu Ogasiti adzawatuma ku Chipata, ndipo abwana avomera kuti pobwerera adzadzere ku Katete adzakutengeni. Mwayi ndi womwewu, wina kulibe.

Tsono chondisowetsa mtendere ndi ba Lemmy eni ake. Chiyambire maulendo a ku Mazabuka, sakhala bwino. Akafika panyumba ndikawapatsa mpando, amaukana. Chakudya amadya choimirira ngati munthu wodikira basi. Kutchalitchi amaima kumbuyo pafupi ndi chitseko. Ndikawafunsa amangoti, "Pokhalira pavuta, Mainess," n'kutuluka panja. Ngati zili chonchi ndi Mazabuka wapafupiyu, nanga ku Chipata kudzakhala bwanji? Ndaganiza mpaka mutu kutentha.

Ufa tikugula ndi makuponi, pamzere wa m'mamawa. Sopo sindinamuone chiyambire Isitala. Mutisungireko nshawa.

Ndine mwana wanu,
Mainess

Mudzi wa Kalimbuka, Katete
3 Juni 1989

Mwana wanga Mainess,

Kalata yako yafika. Josiah atawerenga ndinamuuza kuti abwereze pang'onopang'ono pamene pali nkhani ya amuna ako. Mwendo uli bwino, chimanga chili m'nkhokwe, koma mtima wanga suli bwino ayi.

Iwe ndiwe mwana, sudziwa. Mwamuna akana bwanji mpando m'nyumba yakeyake ngati alibe mpando kwina? Adya bwanji choimirira ngati sakuthamangira mbale ina? Kutchalitchi akuima kuchitseko chifukwa ulaliki ukumulasa. Ndipo wakuuza ndi pakamwa pake kuti pokhala pavuta. Ufunanso chiyani? Ku Mazabuka kumeneko kuli ndani? Malemu atate ako anayamba chimodzimodzi chaka chija ankagula fodya ku Chadiza, ndipo ndinachita kukawatenga ndekha.

Ukudziwanso zimene timaopa mwamuna akamayendayenda mkazi ali ndi pakati. Sindifuna kuzilemba papepala.

Mthuthuthu wawowo ine sindikwera. Ndikakwera ndiye kuti ndavomera. Ndatumiza mawu kwa amalume ako, popeza ndiwo ankhoswe. Iwe ngati ungathe bwera kuno udzachirire kwanu. Usalire kwambiri, mwana amamva.

Ndine mayi wako,
Nambewe

Mlongo wanga, ine Josiah ndalemba zimene ndauzidwa. Koma kalata yako ikuoneka ngati ili ndi mbali ina imene sunalembe. Lemba momveka, ndipo fulumira, chifukwa Amayi auzako kale azimayi a kuchigayo.

Chawama, Lusaka
6 Juni 1989

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji nonse? Yankho lanu silinafike. Ndimapita kukafunsa kutchalitchi kumene makalata athu amafikira, mpaka mlembi akandiona amangopukusa mutu ndili kutali. Kodi mukudwala? Kodi kalata yanga inatayika? Achimwene, ngati pali choipa musandibisire.

Za ba Lemmy sizinasinthe, ndipo ine ndayesa zonse. Ndinawapatsa pilo wanga wa paukwati kuti azipita naye. Anabwera naye wakuda, akuti amaterera ndiponso amatentha. Ulendo wina anatenga bulangete, ndinawapindira ndekha bwinobwino. Akuti poyamba zimakhala bwino, koma akangofika pa Kafue zayambanso, ndiye amaima pamenepo nthawi yaitali. Tsopano akuti ayesa kupita ndi zonse ziwiri.

Neba wathu wa khomo loyang'anana, bana Mwaba, amene amagulitsa zitumbuwa, akawaona akutsika panjinga amaseka mpaka kugwira khoma. Ine sindiona choseketsa. Ogasiti akuyandikira. Akalephera ulendo wa ku Chipata, inu mudzabwera bwanji?

Mwana akusewera kwambiri, makamaka ndikaima pamzere wa shuga. Kodi ndi bwino zimenezi?

Ndine mwana wanu,
Mainess

Mudzi wa Kalimbuka, Katete
25 Juni 1989

Mainess,

Tili bwino. Kalata yako yachiwiri yafika, ndipo ndikuona kuti unailemba usanalandire yanga.

Mwana iwe, unabadwa ndi mtima wotani? Mwamuna akupita ku Mazabuka, iwe n'kumamupatsa pilo. Pilo wa paukwati. Bulangete n'kumupindira wekha. Mawa udzamupatsa mphika ndi mthiko. Tsopano ndamva kuti pa Kafue paliponso poima. Ndiye kuti ndi awiri. Neba wakoyo akuseka chifukwa akudziwa, mudzi wonse ukudziwa, wosadziwa ndiwe wekha.

Josiah akulimbana nane, akuti mwina apongozi akudwala. Chabwino. Matenda amakhala ndi malo ake. Ngati ndi mutu, unene kuti mutu. Ngati ndi mimba, unene kuti mimba. Unditchulire pamene pakuwapweteka, dzina lake lenileni. Usawaikire kumbuyo ndi mawu ozungulira, akazi tonse timadziwa kutero. Ukalephera kutchula, ine pamthuthuthu sindikwera, ndipo amalume ako akonzeka kugulitsa mbuzi kuti abwere okha.

Mwana kusewera ndi bwino. Iwenso unkandimenya nthiti.

Mayi wako,
Nambewe

Chawama, Lusaka
16 Julayi 1989

Okondedwa Amayi,

Makalata anu onse awiri afika tsiku limodzi. Ndinawerenga ndili panjira, kenaka ndinakhala pamwala pafupi ndi mpope. Amayi, mwamva zina. Ku Mazabuka kulibe munthu. Pa Kafue kulibe munthu. Amalume asagulitse mbuzi, chonde.

Chimene chawapweteka ba Lemmy ndi mpando wa njinga. Siponji yake inatha, chatsala ndi chitsulo chokutidwa ndi chikopa. Anapita kwa osoka mipando ku Matero, akuti siponji yolimba kulibe, ngakhale mabasi akukhalira matabwa. Pilo ndi bulangete zinali zoika pampandopo.

Koma ndikudziwa kuti munena kuti ndikuwaikira kumbuyo. Mwati nditchule malo. Ndagwira cholembera kuyambira m'mawa, dzanja likukana. Ndi amuna anga, inu ndinu apongozi awo, ndipo owerenga mokweza ndi achimwene anga. Ndilemba bwanji? Ndi pamene munthu amakhalira. Ndinalemba kale zimenezi ndipo ndi zimene zabweretsa mlandu.

Ndinawaonetsa ba Lemmy makalata anu. Anawerenga choimirira. Atafika pa atate ndi Chadiza anavula chipewa. Apempha kuti alembeko okha.

Apongozi anga olemekezeka,

Ndalemba chogwada, chifukwa cha ulemu, komanso chifukwa kugwada ndiko ndikutha masiku ano. Ku Mazabuka ndili ndi alimi a kabichi ndi matimati basi. Pa Kafue ndimaima pansi pa mtengo ndekha. Mwana wanu ndimamukonda ndipo mbale yake ndiyo ndimadya. Malo amene mwafunsa sindingawatchule kwa inu. Ali m'munsi mwa msana, pamwamba pa miyendo, mbali ya kumbuyo. Ine ndine Mbemba ndipo anthu a kum'mawa ndi ambuya anga onyozana nawo mwanthabwala, koma pa apongozi chimbuya sichigwira ntchito. Ndidzabwera mu Ogasiti ngakhale moimirira pazopondera njira yonse.

Ine mkamwini wanu,
Lemmy Kasoma

Amayi, ndinenso Mainess. Tili mkati molimbana ndi pepala, bana Mwaba analowa kudzapempha moto. Atamva nkhani anaika mbaula pansi n'kulanda cholembera. Iwo ndi Mbemba ndipo si apongozi a munthu, ndiye ndi mbuya wanu weniweni, wonena chilichonse popanda mlandu. Ndinayesa kuwaletsa. Chinyanja chawo ndi cha m'tauni, achimwene muwerenge modekha. Mundikhululukire.

Imwe ba mbuya bakudya mbeba, muli bwanji? Ni ine bana Mwaba. Aba bana banu bazalemba mpaka inki isile. Ni MATAKO. Matako ya ba Lemmy ndiye yavuta. Bankala pa nsimbi kuchoka Lusaka mpaka Mazabuka, manje imwe mufuna bankale bwanji pa mupando? Na mukazi wa ku Mazabuka angamufunile chani mwamuna wamene akangiwa na kunkala pansi? Bwelani mulandile muzukulu, uyu mwana wanu ayonda na maganizo. Mbeba musabwele nazo, kuno makoswe tili nayo yambili.

Mudzi wa Kalimbuka, Katete
2 Ogasiti 1989

Mwana wanga Mainess,

Tili bwino tonse. Josiah anawerenga kalata yako bwinobwino, ya apongozi bwinobwino, koma atafika pa ya mbuya wanga anayamba kutsokomola, akuti inki yafufutika. Ndinaona kuti pamene akuti pafufutika ndi pamene pali zilembo zikuluzikulu. Ndinaitana Virginia, iye n'kundinong'oneza kukhutu. Mwana wanga, ndinaseka mpaka nkhuku kuthawa pabwalo. Josiah anapita kukaona ng'ombe, ngakhale tilibe ng'ombe.

Uwauze apongozi kuti ndawalakwira. Amalume ako mbuzi sanagulitse. Azimayi a kuchigayo ndawauza kuti nkhani yatha, koma sindinawauze kuti yathera pati. Mbuya wangayo umuuze kuti ndamva, wodya anyani wopanda manyazi, ndipo mbewa ndibwera nazo zowamba kuti alaweko chakudya cha anthu.

Tsopano tamvera. Mukanandiuza poyamba, bwenzi pilo wako ali woyera. Ine ndasenza mitsuko ndi nkhuni kuyambira ndili kamtsikana, pamutu sipanatuluke chilonda. Chifukwa chake ndi nkhata. Pilo ndi wodzaza pakati, ndiye amakankha pamene pali fupa. Nkhata ili ndi bowo pakati, kulemera kumapita m'mbali, mphepo n'kumadutsa. Chimene chimathandiza kumwamba chithandizanso kumunsi.

Upeze masamba ouma a nthochi, uwapote molimba, upange nkhata yaikulu ngati ya mtsuko wa mowa. Uikulunge ndi chitenje chakale, mfundo ikhale m'mbali, osati pamwamba. Pamwamba pake uike chikopa cha mbuzi, ubweya kumwamba, sichichititsa thukuta. Zonsezi azimange pampando ndi malegeni. Buluku avale lofewa lopanda msoko wokhuthala, ndipo m'thumba la kumbuyo asaikemo kanthu. Chinanso, ife popita kumsika sitidikira khosi kupweteka kuti titule katundu. Timatula likadali bwino, tiwongole msana, tisenzenso. Nawonso aziima asanamve kuwawa, ayendeyende pang'ono. Zimenezi uwauze ngati nzeru zako, usati zachokera kwa ine.

Yanga ndapota kale. Ndikwera. Koma apongozi sindingawagwire m'chiuno. Thumba la nshawa adzalibereke kumsana ngati mwana, ine ndidzagwira thumbalo.

Usaope, ndikubwera.

Mayi wako,
Nambewe

Chawama, Lusaka
13 Seputembala 1989

Achimwene a Josiah,

Muli bwanji pamodzi ndi alamu a Virginia ndi ana? Ndayamba ndi chachikulu kuti musavutike mtima monga ndimavutikira ine. Mwana wabadwa, wamkazi, Lachisanu lapitali. Ali bwino, ine ndili bwino, ndipo Amayi anali pambali panga kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndinawafinya dzanja mpaka lero akudandaula.

Za nkhata munaona nokha pamene ba Lemmy anafika kwanuko akuyenda ngati munthu. Akuti popita anaimba nyimbo zonse za m'buku. Anzawo a kuntchito anayamba ndi kuwaseka kuti akhalira chisa cha nkhuku, koma tsopano awiri abwera kale kudzandifunsa kapotedwe kake. Bana Mwaba akuti tiyambe kugulitsa pambali pa zitumbuwa.

Koma zimene zinachitika atachoka kwanuko simukuzidziwa. Mukumbukira kuti Amayi anakana kuti ba Lemmy awamangire nkhata yawo. Akuti mkamwini sangagwire pokhalira apongozi. Anamanga okha, ndi luzi, malegeni anawakana. Mpaka ku Nyimba, kumene anagona kwa azakhali, zonse zinali bwino. M'mawa mwake, atawoloka Luangwa n'kuyamba kukwera mapiri aja, njinga inagwa m'dzenje la pamsewu, Amayi n'kudumpha m'mwamba. Pobwerera pansi anapeza chitsulo. Akuti anacheuka n'kuiona nkhata yawo ikugubuduka kutsetsereka kuphompho, chikopa cha mbuzi chikutsatira pambuyo.

Ndinawafunsa kuti bwanji simunanene kuti aime. Akuti, "Ndikanati aime chifukwa chiyani? Ndikanatchula chiyani?"

Ba Lemmy ankaima kawirikawiri monga ndinawauzira. Koma Amayi akamatsika ndi pokwera, iwo ankatembenuka kuyang'ana kutchire chifukwa cha ulemu, ndipo Amayi ankaphimba pampando ndi chitenje. Ndiye sanaone kanthu. Pa Rufunsa anafunsa, nkhope ili kumitengo, "Mukukhala bwino, apongozi?" Amayi anayankha, nkhope ili kumsewu, "Ndikukhala bwino, atate." Pa Chongwe chimodzimodzi.

Ine tsiku limenelo ndinali pamsewu kuyambira masana, ndikuganiza za ngozi, za mafuta kutha, za mwendo wa Amayi. Atafika ndinalira ngati mwana. Amayi anatsika pang'onopang'ono, fumbi mpaka m'nsidze, thumba la nshawa lili bwinobwino. Tinalowa m'nyumba. Ba Lemmy anakhala pampando n'kutambasula miyendo, koyamba chiyambire Epulo. Ndinatenga mpando wina, wabwino uja, ndinawapatsa Amayi.

Anaukana.

Chakudya anadya choimirira, atatsamira khoma. Ine mantha anandigwira, ndimati mwendo wayambanso. Pamenepo bana Mwaba analowa kudzaona mlendo. Anawayang'ana Amayi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuyang'ana mpando wopanda munthu, n'kunena kuti, "Ba mbuya, ku Luangwa muli na ndani?"

Achimwene, ba Lemmy anathawira panja ndi mbale yawo. Amayi anaseka mpaka misozi, akuti asawaseketse chifukwa kuseka kukufika komweko. Kenaka anatulutsa mbewa zija n'kuwapatsa bana Mwaba, iwo n'kukuwa kuti awachotsere makoswe. Kuyambira tsiku limenelo sasiyana. Bana Mwaba ndiwo ankawawiritsira Amayi madzi amchere othowera pamalo paja, ndipo mbewa ndinawapeza iwo omwewo akudya kuseri kwa nyumba.

Kuchipatala anamwino ankati, "Agogo, khalani apa," Amayi n'kumati zikomo, kwathu mdzukulu timamulandira choimirira. Namwino wina wa ku Mongu anakhulupirira, akuti ndi mwambo wabwino.

Dzulo mchombo unagwa. Dzina linayenera kuchokera kwa a Kasoma, koma ba Lemmy anagwada n'kunena kuti munthu amene anakhalira chitsulo kuchokera ku Luangwa chifukwa cha mwanayu ndiye amutche. Amayi anali ataima pakhomo la kuchipinda, mwana ali m'manja. Anaganiza pang'ono, n'kuti, "Tikhale."

Tonse tinaseka, koma iwo sanaseke. Anati akunena zoona, tikhale, m'nyumba muno ndi pansi pomwe. Atatero anapempha nkhata ya ba Lemmy kudzera mwa ine, ndinaiika pamphasa, ndipo anatsika pang'onopang'ono, bana Mwaba atawagwira mkono, mpaka anakhala. Tikhale anagona pamiyendo pawo.

Tsopano chondidetsa nkhawa ndi chakuti mwanayu amagona kwambiri. Amayi akuti ndi bwino, bana Mwaba akuti ndi bwino, koma mufunseko alamu a Virginia ngati awo ankatero. Za ulendo wobwerera musafunse msanga. Amayi akuti adikira mabasi apeze matayala, ndipo ine sindikupempherera matayalawo.

Mutisungireko masamba a nthochi ouma bwino, a kuno ndi ochepa. Azimayi a kuchigayo akafunsa, muwauze kuti Amayi akukhala bwino ku Lusaka. Kuyambira dzulo.

Ndine mlongo wanu,
Mainess, amake Tikhale